Amalume Amene Ankalengeza Maliro a Makauboyi

Amalume anga, a Namakhwa, tinawaika mwezi wathawu, ndipo amene ananena mbiri yawo pamaliropo si ine. Ndine mwana wa mchemwali wawo, wamkulu pa onse amene tatsala, mphunzitsi wa Chingerezi wozolowera kuima pamaso pa anthu. Ndinali nditalemba kale masamba awiri n'kuwapinda bwinobwino m'thumba la jekete. Koma m'mawa wa tsikulo akazi awo, amene ife timawaitana kuti anti, anandikokera kuseri kwa nyumba n'kundiuza kuti malemu anasiya mawu: mbiri yawo akanene anzawo, a Mhango.

"Musadandaule, aphunzitsi," anatero anti. "Inunso mukudziwa mmene analili awiri aja."

Ndinayankha kuti palibe vuto. Vuto linalipo. Ndinachita nsanje, nsanje yeniyeni, ndipo sinayambe tsiku limenelo. Inayamba kalekale m'kachipinda ka malata kuseri kwa msika wa Zingwangwa, mmene amalume ankaonetsera mafilimu. Chimene ndinkafuna kwa iwo zaka zonsezi n'chochititsa manyazi kuchitchula, koma ndichitchula. Ndinkafuna kuti tsiku lina adzakangane nane monga ankakanganirana ndi a Mhango.

Amalume anali munthu wamfupi, wa khosi lalikulu, mawu awo ngati akulankhulira mumgolo. Makolo athu anachokera tsidya, ku Mozambiki, ndipo akapsa mtima Chinyanja chawo chinkapendekera ku Chilomwe. Ali mnyamata anagwirapo ntchito m'nyumba ya kanema m'tauni, yong'amba matikiti pakhomo ndi kulondolera anthu mipando ndi tochi. Ankati sukulu yawo yonse anaphunzirira kumeneko, chifukwa filimu imodzi ankaionera kakhumi ali chiimire. Nyumba za kanema zitayamba kutsekedwa, anagula deki ndi TV, anakhoma mabenchi, mawindo n'kutchinga ndi masaka. Mkati mwa sabata ankaonetsa zakarate ndi zankhondo, iwo ali panja akuwodzera pampando. Zimenezo ankati ndi phokoso chabe. Koma Loweruka, ikamakwana thu koloko masana, ankamanga tayi, n'kumwa kapu ya madzi otentha ofinyiramo ndimu.

Loweruka linali la filimu imodzi yokha, ya makauboyi, imene Zingwangwa yonse inkangoitchula kuti ya Wosula. Nkhani yake ndi yaifupi. Munthu wina wosula zitsulo ali ndi mng'ono wake. Amuna anayi okwera mahatchi afika pachitsime, akangana ndi mng'onoyo pa nkhani ya madzi, amuwombera. Wosula azimitsa moto wake, avala jasi lalitali loyera, n'kuyamba kuwasaka mmodzimmodzi. Jasilo limanka lida filimu ikamapita, moti pofika kwa wachinayi lafanana ndi dothi. Mawu m'filimumo ndi owerengeka. Anthu amangoyang'anizana, fumbi likudutsa pakati pawo, belu likulira kutali, kenako phaa, wina wagwa.

Tepi ya filimuyo amalume ankaisunga atakulunga m'kansalu, m'bokosi la nsapato, ndipo panalibe woikhudza. Anti ankauza anzawo kuti iwo ali pamitala, mkazi wamkulu ndi tepiyo. Ankanena akuseka, koma ndinawaonapo tsiku lina akuliyang'ana bokosilo ndi diso loipa pamene amalume ankalipukuta fumbi.

Poonetsa, amalume ankaima pambali pa TV, kudzanja lamanja kamtengo kansungwi kolozera, kumanzere rimoti. Chingerezi chawo chinali cha pakhomo la kanema, chongokwanira kumva kuti uyu wakwiya, uyu akuchonderera. Zotsalazo ankadzazamo okha. Koma chimene chinkadzaza chipinda si kumasulira kwawoko. Munthu akawomberedwa m'filimumo, amalume ankadina batani n'kuimitsa chithunzi, wakufayo ali m'malere asanafike n'komwe pansi. Ankavula chipewa, n'kusintha mawu kukhala aja a pawailesi polengeza maliro.

"Tikudziwitsa abale onse kulikonse kumene ali kuti a Jemusi awa atisiya. Asiya akazi awiri, wina ali ku Bangwe, winayo mkazi wa ku Bangweyo amudziwira pamaliro pomwepa. Obwera abwere ndi nkhuni."

Chipinda chonse chinkafa nalo phwete. Mayina ankatola pomwepo, pa anthu okhala m'mabenchi. Wogulitsa makala ankatha kufa Loweruka lino ali chigawenga cha ndevu, Loweruka linalo n'kufanso ali mwini bala. Oitanira minibasi, azimayi a kaunjika, alonda amene ali pa ofu, onse ankabwera kudzamva ngati lero afe ndi iwo, ndipo amene sanatchulidwe kwa mwezi wathunthu ankadandaula kuti amalume akumusala. M'filimumo munkafa anthu khumi ndi anayi, ndipo onse ankalengezedwa. Filimu ya ola limodzi ndi theka inkatha maola atatu.

Mmodzi yekha ndiye sankasinthidwa dzina. Chapakati pa filimu, Wosula akuwomberana ndi mdani wake wachiwiri mumsewu, pamadutsa munthu wina akukoka bulu, ndipo chipolopolo chosochera chimamupeza. Amaoneka kanthawi kochepa zedi, ukaphethira wamuphonya, nkhope yake sioneka n'komwe. Pamenepo amalume ankaimitsa ndithu, koma sankaseketsa.

"Uyu ndi Dumingu. Ankangodutsa. Kwawo sanamvebe."

Ankakhala chete pang'ono, kenako n'kudina batani. Anthu anazolowera moti ena ankanenera nawo limodzi. Ine ndinkayesa kuti ndi njira yawo yopumitsira pakhosi.

Tsopano a Mhango. Anali mkulu wa kumpoto, wogwira ntchito m'boma, wokhala m'nyumba zija zofanana za ku Soche. Munthu wamtali, woyenda ndi ambulera ngakhale kumwamba kulibe kamtambo. Deki anali nayo yawoyawo kunyumba, koma Loweruka lililonse ankatsika wapansi kudzakhala kutsogolo kwenikweni, kudzapsa mtima. Amalume akaimitsa chithunzi, a Mhango ankatsonya mokweza. Filimu ikatha, awiriwa ankakakhala panja pansi pa mtengo wa mapeyala, anti ankabweretsa tiyi, ndipo nkhondo inkayamba.

"Iwe Namakhwa, ukuipha filimu imeneyi," ankatero a Mhango. "Anaipanga ndi akatswiri, chilichonse anachiyeza. Iwe ukuduladula, kuthiramo maliro a ku Bangwe. Nonsensi!"

"Akatswiri anji osadziwa kuika maliro?" amalume ankabweza. "Anthu folotini agwa, palibe ndi mmodzi yemwe wokumba manda. Ndi anthu amenewo kapena ziwala?"

Sikuti amalume ankaida filimuyo. Ankaikonda kuposa a Mhango, ndipo zabwino zake ankazidziwa mwakuya. Pa nthawi ija amuna awiri ayang'anizana mfuti zisanalire, amalume sankatulutsa liwu ngakhale limodzi, ndipo wotsokomola ankamuloza ndi kamtengo. Ankati pamenepo wopanga filimu anagona tulo n'kulota bwino, chifukwa mantha a mwamuna saonekera pankhope koma pakhosi pomeza malovu, ndipo kamera imadikira mpaka khosilo ligwedezeke. Ankayamikiranso kuti Wosula akapha mdani womaliza saseka, salira, nkhope yake ili chimodzimodzi ngati poyamba paja. Ankati apo pokha ndi pamene filimu yanena zoona zokhazokha: wabwezera onse anayi, koma mng'ono wake sanadzuke.

Zolakwika zake nazo ankaziwerenga pa zala. Mfuti ya Wosula siitha zipolopolo. Hatchi yake imathamanga masiku atatu osamwa madzi, chikhalirecho nkhani yonse yayambira pachitsime. Mkazi m'filimu yonse ndi mmodzi, ndipo ntchito yake ndi kuima pawindo osayankhula. Amalume ankafunsa ngati mkazi wotero anayamba waonekapo ku Zingwangwa, anti n'kuyankhira kukhitchini kuti ayese kukamufuna. Chinkawapweteka kwambiri n'chakuti Wosula ananyamuka osauzako wachibale aliyense. Alibe malume? Alibe mpingo? Ndipo kumapeto, akamalowera kumene kukulowa dzuwa, nyimbo ikukwera, amalume ankafunsa kuti kodi akupita kwa ndani, popeza kwawo anatseka ndipo kumene wadutsa wasiya amasiye okhaokha.

A Mhango ankati mafunso onsewo ndi a munthu wosamva luso. Kwa iwo filimuyo inali ngati gule: suimitsa ng'oma pakati kuti ufunse ovina ngati alipira fizi ya ana. Ankati dziko la m'filimumo si Zingwangwa, ndi dziko lopangidwa dala lopanda agogo, lopanda mfumu, kuti munthu aoneke yekhayekha ndi mkwiyo wake. Amalume ankati dziko lotero kulibe, ndipo amene analipanga ayenera kuti sanafedwepo. Ankakangana mpaka tiyi kuzizira, a Mhango n'kunyamuka akulumbira kuti sadzapondanso pamenepa. Loweruka linalo anali oyamba kufika.

Ine ndinkakhala chapambali ndi kapu yanga. Sindinali mwana ayi, ndinali ndi banja kale, ndikuphunzitsa, ndipo mawu aliwonse a m'filimumo ndinkawamva bwino kuposa onse awiri. Koma amalume, chiyambire tsiku limene ndinalandira satifiketi, anasiya kundiitana dzina. Ndinasanduka aphunzitsi. A Mhango, mlendo wa ku Soche, anali iwe. Ine, mwana wa mchemwali wawo amene anandinyamulapo kumsana, ndinali inu. Ena angati ndi ulemu. Ine ndinkaumva ngati mpanda.

Tsiku lina ndinakonzekera ndithu mfundo yanga. Nditapeza mpata ndinati jasi loyera lija limada dala, likuonetsa mmene mtima wa Wosula ukudera akamapha.

"Zoona, aphunzitsi, mwanena bwino," anatero amalume, akugwedeza mutu. Kenako anatembenuka. "Nanga iwe Mhango, hatchi ija imamwa liti madzi?"

Patapita masabata atatu, a Mhango ananena mfundo yomweyo ya jasi, pafupifupi mawu anga omwe. Amalume anadzambatuka mpaka tiyi kutayikira pa thalauza.

"Bodza! Jasi lada chifukwa alibe womuchapira! Akanafunsira mkazi wa pawindo uja bwenzi lili loyera mpaka lero!"

Anakangana za jasilo mpaka dzuwa kupendeka. Ine ndinabwerera ku Chilomoni mtima uli thithithi, ndipo mkazi wanga atandifunsa chavuta n'chiyani ndinati mutu. Ndikanamuuza bwanji kuti ndakwiya chifukwa amalume avomerezana nane?

Mpata wanga unabwera nyengo ina yozizira, chiperoni chitaphimba phiri la Soche sabata yathunthu. Amalume anadwala chifuwa ndipo mawu anatsekeka kotheratu. Loweruka anti anati atseke, koma anthu anali atadzaza kale. Amalume anatuluka atakulunga sikafu m'khosi, bokosi la nsapato kukhwapa. Anaika okha tepi mudeki. Kenako anayang'ana uku ndi uku, rimoti m'manja, ndipo ndinaona ndi maso angawa kuti anayamba kuitambasulira kwa a Mhango.

"Ayi, ayi, ine Chichewa changa n'chopindika," anakana a Mhango. "Apatse aphunzitsiwa."

Choncho rimoti inandipeza itakanidwa ndi wina. Ndinailandira, koma mumtima ndinali nditatsimikiza kuti lero anthu awa aone filimu yeniyeni, ndipo amalume aone kuti m'banja muno muli wina wodziwa. Amalume anakakhala pa benchi yakumbuyo.

Ndinamasulira liwu ndi liwu, osaphonya. Mng'ono wa Wosula atagwa pachitsime, sindinaimitse. M'chipindamo munamveka kusuntha.

"Aphunzitsi, maliro!" wina anakuwa kumbuyo.

Ndinapitiriza ngati sindinamve. Munthu wachiwiri m'filimumo anagwa, wachitatu anagwa, ine ndikungothamanga ndi filimu. Pamene amalume ankadzaza ndi nthabwala, ine ndinalibe chonena, chifukwa m'filimumo simunanenedwe kanthu. Ndinangoima pambali pa TV ngati mlonda. Anthu anayamba kung'ung'udza, ena kutuluka, ndipo chitseko chikatseguka kuwala kunkalowa n'kufufuta chithunzi.

Kenako munthu wa bulu uja analowa mumsewu. Chipinda chinayamba chokha, mawu ambiri pamodzi: "Uyu ndi Dumingu..." Koma chithunzi chinali chitadutsa kale. Mayi wina wogulitsa kaunjika anaimirira, manja m'chiuno.

"Iii, koma abambo inu! Bwezani tepiyo. Dumingu mwamudumpha bwanji ngati galu?"

"Bwezani!" ena anathirira. "Tikufuna a Namakhwa ife!"

Mawu otsirizawo ndi amene anandiyatsa. Ndinadina batani, koyamba tsiku limenelo, n'kutembenukira kwa anthu ndi mawu anga a m'kalasi.

"Tamverani. Muno mulibe Dumingu. Munthu ameneyu alibe dzina, alibe kwawo, ngakhale pa mayina a kumapeto kwa filimu sapezekapo. Anangomuikapo kuti msewu uoneke wodzaza. Zonse zimene mumamva muno n'zopeka. Amalume angawa Chingerezi sachidziwa."

Ndinayang'ana kumbuyo. Amalume anali ataimirira, dzanja pa sikafu. Anatsegula pakamwa, khosi lawo lalikulu lija linagwedezeka, koma sipanatuluke kanthu. Anayesanso kachiwiri. Kenako anavala chipewa n'kutuluka. A Mhango ananyamuka kutsogolo kuja, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuwatsatira. Filimu ndinaimaliza pamaso pa anthu asanu, awiri mwa iwo akugona.

Tsopano ndiulule chinthu chonyansa. Sabata yonseyo ndinkadikira, ndipo m'kudikirako munali kachimwemwe. Ndinkati basi, mawu akangobwerera andiitanitsa. Andilalatira, anditchula dzina langa, anditi iwe, mwinanso alowetsamo Chilomwe. Ndinakonzekera ndi mayankho omwe. Loweruka linalo ndinalawirira, n'kuwapeza akumanga tayi pagalasi losweka la pakhoma.

"Aphunzitsi, takulandirani," anatero, mawu akadali okhakhala. "Munatithandiza tsiku lija. Zikomo kwambiri."

Basi. Sanaonjezepo kanthu tsiku limenelo kapena tsiku lina lililonse. Filimu inayamba, maliro analengezedwa, anthu anaseka ngati kale. Anthu sizinawakhudze n'komwe zoti amalume sadziwa Chingerezi, ankadziwa kale. Koma atafika pa munthu wa bulu, amalume anaimitsa, anavula chipewa, n'kungokhala chete. Anthu ndi amene ananong'ona dzina lija. Kuyambira pamenepo sanalitchulenso ndi pakamwa pawo. Oonera akale atayamba kuchepa, atsopano sankadziwa chifukwa chake mkuluyu amaimitsa chithunzi pamalo opanda kanthu, ndipo ankakuwa kuti deki yafa.

Zaka zinapita. Tepi inayamba kuonetsa mizere, kenako deki inaitafuna malo awiri, amalume n'kuilumikiza ndi selotepi. Kunabwera madisiki, kenako mafoni, ndipo anyamata a masiku ano anayamba kumasulira mafilimu pakompyuta, mawu awo atalowa kale mkati. Amalume anamvetserapo imodzi n'kunena kuti mnyamata womasulirayo ali ndi lilime labwino koma sakuona amene akumuuza, ndiye sangadziwe woti amuphe. Ndinaona kuti nawonso nsanje inawagwira, pakuti anafunsa katatu ngati n'zoona kuti mnyamatayo amamveka mpaka ku Lilongwe. Kachipinda kaja anakatseka, koma sanalole kukabwereketsa. A Mhango anapuma ntchito, ambulera inasanduka ndodo, koma Loweruka ankatsikabe. Ankakangana za filimu imene onse awiri anali asanaione kwa zaka zambiri, aliyense akuikumbukira mwa njira yake. Ine ndinkabwera mwa apo ndi apo ndi shuga ndi buledi, n'kulandiridwa bwino kwambiri.

Pamaliro paja, a Mhango anaimirira atatsamira ndodo, opanda pepala. Ananena za kubadwa, za ukwati, za mpingo, monga mwa mwambo. Kenako anatembenukira kwa anthu.

"Ena a inu munkabwera Loweruka," anatero. "Mukukumbuka munthu wa bulu."

Pakati pa anamfedwa panamveka kung'ung'udza kovomera. Mayi wa kaunjika uja analipo, tsitsi lonse litayera.

A Mhango anafotokoza kuti amalume anali ndi mng'ono wawo. Ine ndinkamudziwa m'nkhani zokha: amalume aang'ono a Petulo, amene ife ana tinkauzidwa kuti anatchona ku Joni. Sanapite ku Joni. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki anawoloka malire pa njinga kukatenga azakhali awo amene anatsalira tsidya. Othawa amene anafika pambuyo pake anati anamuona atagwa pamsewu, pakati pa magulu awiri owomberana, iye asali mbali iliyonse. Thupi silinapezeke. Mayi awo, agogo anga, anakana kuti pachitike maliro, anati salira munthu amene mwina ali m'njira. Analetsa nkhaniyo pakhomo mpaka imfa yawo, ndipo ana awo anamvera. Petulo linali dzina la ubatizo. La pakhomo, limene mkulu wake ankamuitana ali ana, linali Dumingu.

"Namakhwa anandiuza zimenezi titangodziwana kumene," anatero a Mhango. "Ndakangana naye zaka zonsezi za maliro a anthu khumi ndi atatu aja. Za mmodziyu sindinatsutsepo. Anandipempha kuti tsiku la leroli ndilengeze zimene iye sanaloledwe kulengeza pakhomo. Ndiye ndikudziwitsa abale onse kuti a Dumingu Namakhwa anatisiya kalekale. Lero tikuika awiri."

Azimayi anayambiranso kulira. Za tsiku langa la rimoti a Mhango sanatchule, ndipo sanandiyang'ane.

Ndikanakonda kulemba kuti chimene chinandigwira poyamba ndi manyazi. Manyazi anabwera ndithu, ndipo sanachoke, amandidzutsa m'mawa uliwonse. Koma choyamba chinali china. Ndinakhala pampando wa abale, mapepala anga m'thumba, mtima ukufunsa kuti bwanji anauza iwowa? Dumingu anali malume wanga ine. Magazi ake ndi anga. Amayi anamwalira osandiuza, amalume anandiona ma Loweruka osawerengeka osandiuza, koma munthu wa ku Soche anauzidwa atangomwa naye tiyi kawiri. Akanandiuza, kodi ndikanayankhula zimene ndinayankhula zija? Ndinkafuna kuwagwedeza m'bokosi momwemo kuti andiyankhe. Ngakhale pamenepo, munthu atagona, ndinkafunabe mkangano wanga.

Loweruka lapitali ndinapita ku Zingwangwa, ndipo anti anandipatsa kiyi. Kachipindako kakununkha chinyezi ndi makoswe. Masaka a m'mawindo anawola, kuwala kukulowa m'timabowo ta malata n'kugwera pansi madontho madontho. Mabenchi anawaunjika kukhoma, ena anti anawawaza kale nkhuni nthawi ya maliro. Shelefu ya TV ilipobe, yopanda kanthu, ndipo pambali pake simenti inaperepeseka malo a mapazi awiri. Ndinayesa kuimapo. Mapazi anga ndi aakulu, sanakwanemo.

Potuluka ndinapeza a Mhango pansi pa mtengo wa mapeyala, pa benchi imodzi imene inatsala panja, ndodo pakati pa miyendo. Inali itangokwana thu koloko. Ndinawapatsa moni, n'kuima patsogolo pawo. Sindikudziwa chimene chinandilowa, koma ndinayamba dala.

"A Mhango, filimu ija ine ndaiganizira. Ndi yachabechabe. Kukongola kokha, m'kati mulibe kanthu."

Ndinadikira kuti ndodo igunde pansi. Anangoyang'ana kuphiri.

"Ndi yachabechabe ndithu, mwana wanga," anatero. "Ine ndinaona tsiku loyamba lomwe. Namakhwa ankanena zoona pa chilichonse, za hatchi, za mkazi uja, zonse."

"Nanga zaka zonsezi munkaiikira kumbuyo chifukwa chiyani?"

"Aliyense ankamuombera m'manja. Munthu wotero amafuna womutsutsa, apo ayi amatsala yekha." Anapukuta m'maso ndi chala chachikulu. "Inu munkafuna kumugonjetsa. Ine ndinkangofuna kuti Loweruka linalo akhale ndi chonena."

Anakhala kumapeto kwenikweni kwa benchi, kumbali kwawo kwa masiku onse, ngakhale benchi yonse inali yawo. Mbali inayo, pamene ankakhala amalume, thabwa linachita kulowa pakati, losalala, masamba awiri ouma atagwerapo. Malo analipo okwanira munthu mmodzi. A Mhango sananene kuti khalani, ndipo ine ndinaimabe chiimire mpaka anti atabwera ndi tiyi, makapu awiri monga anazolowera, n'kuima nawonso osadziwa kuti yachiwiriyo apatse ndani.